Funsani Ankolo: sinowo yoyamba ndi aisi pamapiri

Mwezi uno makalata angapo abwera ndi nkhani imodzi, ya abale athu amene akufuna kukwera mapiri kumene kumagwa sinowo. Ndawaika pamodzi ndipo ena ndawafupikitsa pang'ono kuti malo akwane.

FUNSO: Ba Ankolo muli bwanji. Ine ndine mai wa ana anai, nikhala ku Chilenje South. Mwana wanga mkazi woyamba ni nesi ku Glasgow, anayenda chaka chatha. Manje wanitumira meseji pa WhatsApp ati kumapeto kwa Okutobala ayenda na anzake a ku tchalitchi kukakwera phiri ya Ben Nevis. Ninamufunsa za sinowo ati mami musade nkhawa, nyengo yozizira ikalibe kuyamba, sinowo ili chabe pang'ono pamwamba ndipo njira ni yabwino anthu ambiri amayendamo. Koma mtima wanga siukhazikika. Nimuletse kapena nimuleke?
Mai wa ku Chilenje

YANKHO: Amai, mtima wanu sukunama. Kuletsa mwana wamkulu amene akudzilipirira yekha lendi ku Glasgow nkovuta ndipo sindikufuna kuti mukangane naye, koma mau akuti sinowo ili chabe pang'ono ndi amene andidetsa nkhawa, chifukwa sinowo yoyambayo, yochepa yomweyo, ndi imene imavulaza anthu osazolowera. Mu Januwale mbali yaikulu ya phiri imakhala mbee, aliyense amaona yekha kuti uku sikopita ndi ma sneakers. Mu Okutobala pansi pamakhala udzu, kamvula pang'ono, mwina ndi kadzuwa, munthu amanyamuka atavala mopepuka ndipo nyengo yozizira amakaipeza pamwamba atatopa kale.

Ben Nevis ndi phiri lalitali kuposa onse ku Britain, mamita 1,345. Mukaona nambalayo mungati ndi kaphiri chabe chifukwa Lusaka yomwe ino ili pa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja. Kusiyana kwake nkwakuti iwo amayambira pafupi ndi nyanja penipeni, ku Glen Nevis kufupi ndi tauni ya Fort William, ndiye mamita onsewo amakwera ndi miyendo yao, komanso Scotland ili kumpoto kwenikweni kwa dziko kumene dzuwa limakhala lofooka. Munthu akamakwera, kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Ndiye ngati ku Fort William kuli madigiri 8, pamwamba pali ziro kapena kutsikirapo, ndipo apo sitinawerengere mphepo imene imachotsa kutentha m'thupi msanga kwambiri, makamaka zovala zikanyowa. Mvula imene ikugwa pa car park, pamwamba ikugwa ngati sinowo.

Tsopano chimene chimachitika ndi sinowo yoyamba ndi ichi. Imagwa pang'ono, masana imasungunuka madzi nkuyenderera pamiyala, usiku madziwo amaundana nkukhala aisi yopyapyala yoonekera mkati, mwala umangooneka ngati wanyowa chabe. Amai mukudziwa simenti yopaka Cobra mwana akatayirapo madzi, mmene phazi limachokera osakuuzani. Ndi mmene mwala umenewo ulili, kungoti pambali pake pali chigwa. Kenako kakagwanso kasinowo kena pamwamba pa aisi ija, siionekanso nkomwe. Chachiwiri, kumtunda kwa Ben Nevis ndi miyala yokhayokha yosanjikizana, ndipo sinowo yoyamba imaphimba mipata ya pakati pa miyala koma siinalimbe kuti inyamule munthu, ndiye umaponda poganiza kuti ndi pansi mwendo nkulowa mpaka m'bondo, akakolo amathyoka choncho. Pakati pa nyengo yozizira mipata imeneyo imakhala itadzaza ndi sinowo yolimba, mavuto amakhala ena.

Za njira yabwino imene anthu ambiri amayendamo, nzoona, imatchedwa Mountain Track, kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 17 ndipo anthu ambiri amatenga maola 7 mpaka 9. Koma njira yabwino ndi imene ukuiona. Pamwamba pa phirilo ndi potakata ngati bwalo, masiku ambiri pamakhala nkhungu, sinowo ikaphimba njira ndiye pansi poyera kumwamba koyera, munthu sadziwa kumene wachokera. Mbali ya kumpoto kuli maphompho a mamita mazanamazana pafupi ndi njira, ndipo potsika anthu osochera amalowera ku chigwa chotchedwa Five Finger Gully chimene chapha anthu. Pamenepo pamafunika wina m'gulumo wodziwa mapu ndi kampasi, foni yokha siikwanira chifukwa batire imatha msanga kukazizira ndipo ndi zala zouma sungathe kuidina bwino.

China chimene ife a kuno sitichiganizira nkomwe ndi dzuwa. Kuno limalowa cha m'ma 18 hours chaka chonse, kusiyana kwake nkochepa. Ku Britain Sande yomaliza ya Okutobala amabweza mawotchi ola limodzi, ndipo kuchokera pamenepo ku Fort William dzuwa limalowa 17 hours isanakwane. Gulu la ku tchalitchi ndimalidziwa, kudikirana, kupemphera, kujambula mafoto, wina waiwala chakudya, kunyamuka kwake ndi 10 hours. Werengani maola 8 kuchokera pamenepo muona kuti adzatsika mu mdima, pa nthawi imene madzi a masana aja ayambanso kuundana ndipo miyendo yatopa. Ngozi zambiri zimachitika potsika.

Ndiye amai musamuuze kuti usapite, mufunseni mafunso. Akutsogolera ndani, ndipo munthuyo anakwerapo phiri limeneli pa nthawi ya sinowo? Aona zanyengo za pamwamba pa phiri kapena za m'tauni chabe? Kuli a Mountain Weather Information Service ndi a Met Office amene amalemba zanyengo za m'mapiri tsiku lililonse pa intaneti mwaulere, ndipo amatchula freezing level, kutalika kumene madzi ayambira kuundana tsiku limenelo. Ngati freezing level ili pa mamita 900, ndiye kuti mamita oposa 400 omaliza angakhale ndi aisi. Mufunseni ngati ali ndi mabuti enieni, thochi yovala pamutu, magolovesi, chipewa chofunda, jekete ndi buluku zosalowa madzi. Pali tizitsulo tomangirira pansi pa nsapato totchedwa microspikes, timathandiza panjira ya aisi yosatsetsereka kwambiri, koma pamalo otsetsereka ndi sinowo yolimba pamafunika crampons, zitsulo za mano aatali zomangira pansi pa mabuti, ndi ice axe, kankhwangwa kogwirira pa aisi, ndiponso munthu woti anaphunzira kuzigwiritsa ntchito, kugula chabe sikukwanira. Ngati gululo lilibe zonsezi ndipo pamwamba pali poyera, akhoza kukwera mpaka pa kanyanja kamene kali pakati pa ulendo, pa mamita pafupifupi 570, nkudya chakudya chao nkubwerera, kapena alipire wotsogolera wa satifiketi ya Winter Mountain Leader, kapena adikire Juni mpaka Seputembala. Agwirizane asananyamuke ola lobwerera, mwachitsanzo 13 hours, kuti likakwana onse atembenuka kaya afika kaya sanafike. Zinthu zikavuta aimbe 999, apemphe apolisi kenako Mountain Rescue. Opulumutsa a kumeneko, a Lochaber Mountain Rescue Team, ndi anthu ongodzipereka, amachoka kunyumba kwao akaitanidwa ndipo kufika pamwamba kumatenga maola, ndiye munthu wovulala ayenera kukhala ndi zofunda zoti zimusunge nthawi yonseyo atakhala pansi.

FUNSO: Ankolo ise tili gulu ya anyamata na atsikana a pa nchito, tasonkha ndalama tifuna kuyenda ku South Africa pa holide ya 1 Meyi, basi kuchoka pa Intercity mpaka Johannesburg, kuchoka apo ku Drakensberg tikaone Tugela Falls kupitira ku ma chain ladders. Wina ati Meyi kulibe sinowo, imayamba Juni. Nanga zovala, ine nili na ma safety boot ya ku nchito, ma jini na juzi yaikulu, sizikwanira? Ndalama yogula zinthu zodula mu ma mall tilibe. Komanso tifuna kugona usiku umodzi pamwamba, mnzathu ati tinyamule kambaula kang'ono ka mu tenti.
Mnyamata wa ku Matero

YANKHO: Mphwanga, ndiyambe ndi kambaulako chifukwa ndi kamene kangakuphe msanga kuposa sinowo. Makala akamayaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo ulibe mtundu, umangomva mutu ndi tulo basi osadzukanso. Kuno ku Lusaka nyengo ya Juni ndi Julayi timamva za anthu ofera m'nyumba chifukwa chogona ndi mbaula, ndipo tenti ndi yaing'ono kuposa chipinda chilichonse, komanso nsalu yake imayaka msanga. Ngakhale kastovu ka gasi musaphikire mkati mutatseka zipi. Kutentha kwa usiku kuchokere ku sleeping bag yabwino ndi kamphasa ka siponji koyala pansi, chifukwa nthaka yozizira imakoka kutentha m'thupi kuposa mpweya.

Za Meyi, mnzanuyo akunena za kalendala koma phiri siliwerenga kalendala. Nzoona Epulo ndi Meyi ndi miyezi yabwino ku Drakensberg, mabingu a dzinja amakhala atachepa ndipo kumwamba nthawi zambiri kumayera. Koma pamwamba pa thanthwe lalikulu lotchedwa Amphitheatre pamene madzi a Tugela amagwera ndi pa mamita pafupifupi 3,000, ndipo mphepo yozizira yochokera ku nyanja ya kumwera ikafika, sinowo ikhoza kugwa mwezi ulionse, Meyi ndiye osanena. Ngakhale isagwe, usiku pamenepo kumatsika pansi pa ziro ndipo timitsinje timaundana m'mphepete. Mumayambira pa car park ya Sentinel, mbali ya Phuthaditjhaba, pa mamita pafupifupi 2,500, ndipo ma chain ladders amenewo ndi makwerero a chitsulo olendewera pa thanthwe loimirira. Chitsulo chikagwira aisi m'mawa, ndi manja opanda magolovesi, ndi chikwama cholemera kumsana, apo ndi poopsa ndithu. Pali njira ina ya m'chigwa cha miyala yolambalala makwerero, koma zigwa zotere zimakhala mumthunzi ndipo aisi imakhalitsamo. Dziwani kuti kuno kumwera kwa dziko mbali ya phiri yoyang'ana kumwera ndi imene imasowa dzuwa nyengo yozizira, ndiye kumeneko aisi ikhoza kukhala tsiku lonse pamene mbali ina kuli kouma. Lembetsani maina anu m'buku la pa geti, onani machenjezo a South African Weather Service dzulo lake ndi m'mawa womwewo, ndipo ngati alengeza cold front, mphepo yozizira ija, sinthani tsiku. Ndikudziwa zimawawa mutalipira basi ya ulendo wautali chonchi, nchifukwa chake ndikuti muike tsiku limodzi lapadera pa pulogalamu yanu musananyamuke kuno. Ndipo poti ndi ulendo wanu woyamba, ine ndingakonde mupite ndi kubwera tsiku lomwelo ndi wotsogolera wa kumeneko, kugona pamwamba mudzachite ulendo wina.

Tsopano zovala, ndipo apa nkhani ndi yabwino chifukwa salaula ya ku Soweto, City Market ndi Kamwala imachokera kumaiko ozizira omwewo, zinthu zenizeni za m'mapiri zimapezeka m'mabelo ndipo nthawi zina wogulitsa amaziika mtengo wa juzi wamba. Chofunika ndi kuwerenga kalebulo ka mkati. Ikalembedwa cotton isiyeni. Thonje limamwa thukuta ndi mvula nkuzisunga pakhungu, mukangoima kuti mupume limazizira ndipo siliuma. Ndiye ma jini ai, sikipa ya thonje ai, chitenje cha atsikana chikhale chojambulira foto chabe. Funani zolembedwa polyester, wool, merino kapena fleece. Muvale mosanjikiza, kamalaya kogwira thupi mkati, fleece pakati, jekete yotchinga mphepo ndi mvula kunja, kuti pokwera muvule china musanatuluke thukuta ndipo poima muvalenso msanga. Juzi imodzi yaikulu siikupatsani mwayi umenewo, mumangosankha kupsa kapena kuzizidwa. Masokosi a wool mapeya awiri, ena akhale ouma m'pulasitiki pamodzi ndi malaya ogonera. Magolovesi, chipewa chophimba makutu.

Ma safety boot asiyeni ku nchito. Chitsulo cha kutsogoloko chimazizira nkuziziritsa zala, ndi olemera, ndipo pansi pake anapangira simenti ya mu fakitale. Funani mabuti ofika mu akakolo okhala ndi mano akuya pansi, muwayese mutavala masokosi okhuthala ndipo zala zizitha kusewera mkati, nsapato yothina imatseka magazi phazi nkuzizira msanga. Muyende nawo milungu ingapo kuno musanapite, ngakhale kuchoka ku Matero kupita mu tauni wapansi, kuti matuza atuluke muli kunyumba.

Kuti muone kuti sindikukuopsezani chabe, mu Meyi 2021 ku Gansu, m'dziko la China, kunali mpikisano wothamanga makilomita 100 m'mapiri. Nyengo inasintha mwadzidzidzi, kunabwera matalala, mvula yozizira ndi chimphepo, ndipo othamanga 21 anafa ndi kuzizira. Anali anthu amphamvu, ena akatswiri odziwika, koma ambiri anali atavala makabudula ndi timalaya topepuka.

FUNSO: Ankolo nizoona kuti ka whisky kapena ka kachasu pang'ono kamathandiza kufunditsa thupi mu sinowo? Atate anga amakamba choncho nthawi ya Juni.
Mtsikana wa ku Kabwata

YANKHO: Mwana wanga, atate akunena zimene amamva m'thupi, ndipo kumvako nkoona, koma thupi limakhala likutaya kutentha. Mowa umatsegula timitsempha ta pakhungu, magazi otentha amathamangira kunja, khungu limamva kufunda pamene mkati mukuzirala. Umachepetsanso kunjenjemera kumene ndi njira ya thupi yodzitenthetsera, ndipo umasokoneza mutu pa malo amene phazi lililonse lifunika kuliganizira. Pakhonde ku Kabwata munthu amalowa m'nyumba nkufunda bulangete, paphiri palibe kolowa. Nyamulani fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri, nshawa, mabisiketi, chokoleti, ndipo muzidya pang'onopang'ono ulendo wonse osadikira njala.

FUNSO: Ba Ankolo, ine na akazi anga tikwanitsa zaka 10 mu ukwati ndipo tinalonjezana kuti tizakwera Kilimanjaro. Taona kuti mu Novembala mitengo imakhalako pansi. Tifuna kukwera TAZARA pa Kapiri mpaka Dar es Salaam kenako basi ya ku Moshi. Kodi sinowo ya pamwamba paja ni yoopsa? Ise timathamanga mu Great East Road m'mawa uliwonse, mphamvu tili nazo.
Tate wa ku Chelston

YANKHO: Atate, zikomo pa zaka 10, ndipo lonjezo limeneli ndi labwino, mulikwaniritse. Mitengo imatsika mu Novembala chifukwa ndi nthawi ya mvula yaifupi kumpoto kwa Tanzania, yaitali imagwa Malichi mpaka Meyi. Mvula m'nkhalango ya m'munsi ndi matope ndi zovala zonyowa, pamwamba ndi sinowo yatsopano pa njira imene miyezi youma imakhala ya miyala ndi fumbi. Anthu amakwera ndithu mu Novembala, koma funsani kampani imene mukulipira kuti sinowo ikagwa amachita bwanji, amapereka microspikes kapena mugule nokha, matenti ao salowa madzi, ndipo onyamula katundu ali ndi zovala zofunda. Funso lomalizali musalidumphe, anyamata amenewo amakwera phiri lomwelo atasenza katundu wanu. Mu Okutobala 2014 ku Nepal, pakati penipeni pa nyengo imene amati ndi yabwino, chimphepo cha Hudhud chinabweretsa sinowo yambiri pa njira ya Annapurna kufupi ndi Thorong La, ndipo anthu oposa 40 anafa, pakati pao panali otsogolera ndi onyamula katundu a komweko.

Pa Kilimanjaro simungakwere nokha, lamulo limafuna wotsogolera wovomerezeka. Nsonga yake, Uhuru Peak, ili pa mamita 5,895, ndipo tsiku lomaliza mumanyamuka pakati pa usiku kuchokera pa msasa wa Barafu kapena Kibo, yonse iwiri ili pa mamita pafupifupi 4,700. Maola amenewo kuzizira kumatha kufika madigiri 10 pansi pa ziro kapena kupitirira, madzi amaundana m'botolo, ndiye botolo ndi foni ndi mabatire a thochi muziike mkati mwa jekete pafupi ndi thupi.

Koma mdani wamkulu kumeneko si sinowo. Ndi mpweya wochepa, pamwamba paja mpweya umodzi umene mukoka umakupatsani pafupifupi theka la oxygen imene mungapeze ku Dar es Salaam. Kuthamanga mu Great East Road kumalimbitsa miyendo ndi mtima koma sikuteteza ku matenda a pamwamba, amagwira ndi akatswiri omwe, ndipo amphamvu nthawi zina ndi amene amavutika chifukwa amakwera mothamanga. Sankhani ulendo wa masiku 7 kapena 8, monga wa Lemosho kapena Machame wautali, osati wa masiku 5 chifukwa chotchipa. Mutu, nseru ndi kusowa tulo zimayamba kupitirira mamita 2,500, muuzeni wotsogolera osabisa. Mmodzi wa inu akayamba kudzandira ngati woledzera, kulankhula zosamveka, kubanika ali chikhalire kapena kutsokomola thovu, atsike nthawi yomweyo ngakhale usiku, ndipo mnzakeyo atsike naye. Mugwirizane zimenezi muli ku Chelston. Musanalipire kalikonse kaonaneni ndi dokotala, mumufunse za Diamox, mankhwala othandiza kupewa matenda a pamwambawa, ndipo muyezetse sickle cell nonse awiri. Ambiri kuno ali ndi trait, kutanthauza kuti anatengera sickle cell kwa kholo limodzi lokha, osadziwa chifukwa siivutitsa, koma pamalo okwera kwambiri ikhoza kuyambitsa vuto la kapamba (spleen). Nyamulaninso magalasi akuda olembedwa UV400, sinowo yatsopano imabweza kuwala kwa dzuwa mpaka 80 peresenti ndipo imapsereza maso, ululu wake umayamba patapita maola.

FUNSO: Nili pa sukulu ku Poland, kwathu ni ku Kalingalinga. Sabata yatha tinayenda ku mapiri ya Tatra ku Zakopane, sinowo inali itangogwa, pobwera zala zanga za ku mapazi zinauma sininali kuzimva, mnzanga ananiuza kuti nizipake sinowo na kuzitikita. Zinabwerera koma zinawawa maningi. Tinachita bwino?
Wophunzira wa ku Krakow

YANKHO: Mphwanga, mwayi unali nanu kuti zinabwerera. Kupaka sinowo ndi kutikita ndi malangizo akale amene madokotala anawakana, chifukwa ngati mnofu waundana kutikita kumauphwanya mkati. Zala zikayamba kuuma, chokani pamphepo, vulani masokosi onyowa, za kumanja ziikeni m'khwapa mwanu, za kumapazi pamimba pa mnzanu mkati mwa malaya. Mukafika m'nyumba ziviikeni m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, wina ayese madziwo ndi dzanja lake chifukwa inu simukumva ndipo mukhoza kupsa, pa chifukwa chomwecho musaziyandikize ku moto kapena ku hita. Ngati pali ulendo wina panja woti zikhoza kuundananso, musazisungunule kaye, kuundana kawiri kumaononga koposa. Mabuku ambiri amati khungu limayera kapena kufiira, pa khungu lathu zimenezo sizioneka bwino, yang'anani kutuwa ngati phulusa, kulimba ndi kusamva. Matuza akatuluka kapena dzanzi likapitirira pitani kuchipatala, ndipo zala zimenezo muzisamale chifukwa zikagwidwa kamodzi zimagwidwanso msanga.

Muziyang'ananso anzanu. Thupi limakhala pa madigiri 37, likatsika pansi pa 35 ndiye hypothermia, ndipo wodwalayo sadzizindikira. Amayamba kunjenjemera, kupunthwa, kulephera kutseka zipi, kukhala chete kapena kukwiya popanda chifukwa. Akasiya kunjenjemera akadali wozizira ndiye zafika poipa, mugonekeni mosamala pa chinthu chouma, mufunditseni ndipo imbani 112, kapena 985 imene ndi ya opulumutsa a m'mapiri, ku Tatra ndi a TOPR. Iwo amalembanso pa intaneti mmene mapiri alili, muziwerenga musanachoke ku Krakow.

FUNSO: Nanga kuno kwathu kuli phiri yamene tingayeseleko tisanapite kutali?
Mlongo wa ku Kaunda Square

YANKHO: Asisi, sinowo kuno musaiyembekezere, koma kuzizira kwa paphiri mukhoza kukuphunzira pafupi. Mapiri a Mafinga kumalire ndi Malawi ndiwo aatali kuposa onse mu Zambia, amapitirira mamita 2,300, kungoti kufikako nkovuta. Ku Nyika, kumene mbali ina ili kwathu ina ku Malawi, mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka woyera ndi chisanu. Kosavuta kukonza ulendo ndi ku Mulanje, basi ya ku Chipata, kudutsa pa Mwami, Lilongwe, Blantyre. Kuli otsogolera ndi tinyumba togona pamwamba, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Nyengo yozizira kumabwera chiperoni, nkhungu ndi kamvula kozizira kamene kakhoza kukhala masiku angapo, miyala imaterera ndipo njira imasowa mofanana ndi zimene ndauza amai a ku Chilenje. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil anafa ndi kuzizira pafupi ndi Sapitwa atapitiriza ulendo yekha, ndiye musasiyane ndi wotsogolera wanu. Tengani zovala zomwezo za salaula zimene mukufuna kudzapita nazo kutali, mabuti omwewo ndi chikwama chomwecho, mukaone chimene chikulowa madzi ndi chimene chikuluma phazi, mudzasinthe mukabwerera ku Lusaka.

Amene munafunsa za visa ndi inshuwalansi ya paulendo, makalata anu ndawalandira, ndidzayankha mwezi wamawa.